Luso la Manja: Mkanda Woduka pa Chinkhoswe ndi Mafunso Ena a Owerenga

Makalata ambiri a mwezi uno akhudza nkhani imodzi, ya zokongoletsera thupi zopanga pamanja, ndipo amene alemba ndi anthu a mumzinda wa Lilongwe amene amagwira ntchito zina masana, n'kumatenga singano ndi mikanda madzulo kapena Loweruka. Ndasankhapo makalata asanu ndi imodzi, ndipo ena ndawafupikitsa kuti malo akwane.

FUNSO: Azakhali, ine ndimagwira ntchito ya muofesi ku City Centre, ndipo ndinayamba kutunga mikanda chaka chatha pofuna kupumitsa maganizo ndikaweruka. Mwezi wathawu ndinapangira mng'ono wanga mkanda wa m'khosi wa mizere itatu woti avale pa chinkhoswe chake, koma unaduka iye ali pakati pa kuvina, mikanda yonse n'kumwazika pansi anthu akuona. Ndinatungira ulusi wosokera zovala umene ndinaupinda kawiri. Kodi ndinalakwitsa pati? Komanso n'chifukwa chiyani mizere yanga imakhotakhota ngakhale nditunge mosamala chotani? Mayi wa ku Area 25.

YANKHO: Pepani kwambiri mayi, chifukwa ndikudziwa mmene mtima umawawira ntchito ya masabata angapo ikamwazika pa tsiku lenileni limene munafuna kuti mng'ono wanu aoneke bwino. Dzanja lanu silinalakwe, koma ulusi ndi umene unakugwiritsani mwala. Ulusi wosokera anaupanga kuti uzigona m'kati mwa nsalu, mmene nsaluyo imauteteza, pomwe bowo la mkanda wa galasi limakhala ndi m'mphepete mwakuthwa ngakhale maso sakuona. Munthu akamayenda kapena kuvina, mkanda uliwonse umakhala ukucheka ulusiwo pang'onopang'ono ngati kampeni, thukuta nalo n'kumaufewetsa, mpaka umaduka pamalo amene wadyeka kwambiri. Kuupinda kawiri kumangochedwetsa tsiku la ngoziyo.

Pa mikanda ing'onoing'ono yopepuka, funani ulusi wa nayiloni wopangira mikanda, ndipo musanayambe kutunga muukoke kawiri kapena katatu pa phula la njuchi kuti usamanyenyeke kapena kupiringizana. Ambiri kuno amagwiritsa ntchito chingwe choyera cha mbedza chimene asodzi amawedzera, chokhuthala pafupifupi mamilimita 0.25 kapena 0.30, ndipo n'cholimba ndithu, kungoti mfundo yake imaterereka ndiponso chimauma n'kuyamba kuthyoka chikakhalitsa padzuwa. Mukamanga mfundo pa chingwe choterechi, muzipisa nsonga kawiri m'malo mwa kamodzi, kenako mudontheze kadontho ka guluu pamfundopo. Pa mikanda yolemera, monga ya miyala kapena ya galasi ikuluikulu, chabwino koposa ndi kawaya kofewa kotchedwa tigertail, kamene ndi tizingwe tachitsulo topotana tokutidwa ndi nayiloni. Kamapezeka ka tizingwe 7, 19 kapena 49, ndipo tizingwe tikachuluka kawayako kamafewa bwino n'kumagona pakhosi ngati ulusi. Kameneka sikamangidwa mfundo ayi, koma kamatsekedwa ndi kachitsulo kakang'ono kamene mumakaphwatalitsa ndi pulayazi.

Ndikadaona zotsala za mkanda wanuwo, ndikukhulupirira kuti ndikadapeza kuti unadukira pafupi ndi kokolowekera, kumbuyo kwa khosi, chifukwa pamenepo m'pamene ulusi umakhulana ndi chitsulo ndiponso m'pamene zala zimakoka povala ndi povula. Choncho mukafika kumapeto, pisani ulusi kawiri m'kamphete ka kokolowekerako, ndipo mubwerere nawo m'mbuyo kudutsa m'mikanda isanu kapena isanu ndi umodzi, mumange mfundo, mupitirirenso mikanda ina ingapo, mumangenso mfundo yachiwiri musanadule. Chinthu china chimene oyamba kumene amalakwitsa n'kutseka mkanda uli chiwongokere patebulo. Khosi ndi lozungulira, ndipo mkanda umene wakungidwa uli wowongoka umasowa mpata wopindikira, motero ulusi umakokeka tsiku lonse. Muziutseka mutaupinda monga mmene udzakhalire pakhosi. Popeza wanu unali wa mizere itatu, mzere uliwonse uzikhala ndi ulusi wakewake ndi mfundo zakezake, kuti wina ukaduka inayo itsale, ndipo wakunja uziposa wam'kati ndi masentimita atatu kapena anayi kuti isamakwerane.

Za kukhota kwa mizere, vuto limakhala m'paketi momwemo. Mikanda ing'onoing'ono ili ndi manambala, ndipo nambala ikakula mkanda umachepa: wa 11/0 ndi pafupifupi mamilimita 2, wa 8/0 pafupifupi 3, ndipo wa 6/0 pafupifupi 4. Koma mikanda yotsika mtengo imene imagulitsidwa m'timapaketi mumsika, ngakhale ilembedwe nambala imodzi, imakhala ina yonenepa, ina yopyapyala, ina yotsekeka bowo. Ya ku Japan, monga ya makampani a Miyuki ndi Toho, ndiponso ya ku Czech Republic, imafanana kwambiri kukula kwake, koma ndi yodula, makamaka chichokereni pamene ndalama ya kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ndipo katundu wakunja anakwera mtengo. Sindikulimbikitsani kuti muthamangire yodulayo mukadali pa kuphunzira. Yalani kathawulo m'lichero, thiranimo mikanda yanu, ndipo muisankhe monga mmene timasankhira mpunga, yopunduka muziika pambali. Ntchito imeneyi imatenga nthawi, koma mudzaona nokha kuti mzere wawongoka. Musanatunge, tengani mikanda ingapo ya mtundu uliwonse, muiviike m'madzi a sopo usiku umodzi, m'mawa muipukute pa nsalu yoyera. Ikasiya utoto pansalupo, dziwani kuti ndi yopaka kunja kokha ndipo idzasuluka ndi kudetsa bulawuzi ya mwini wake. Zovala zina za kaunjika, monga zimene zimapezeka pa msika wa Tsoka, zimabwera ndi mikanda yabwino ya galasi, ndipo diresi long'ambika lotsika mtengo lingakupatseni mikanda yokwanira ntchito zingapo.

Pomaliza pa funso lanu, chilichonse chimene mukufuna kupatsa munthu muyambe mwachivala nokha tsiku lathunthu, mukusesa, mukuchapa, mukukwera minibasi. Ngati chili choti chiduke, chidukire kwa inu. Mng'ono wanuyo mumupangire wina, ndipo ngati munatolako mikanda ya tsiku lija, muikemo ingapo.

FUNSO: Azakhali, ndine mnyamata wa zaka 24 ndipo ndimakonza mafoni. Ndayamba kupinda mphete ndi zibangili kuchokera ku waya wa mkuwa, koma wayayo amathyoka ndikamupinda kangapo, ndipo mnzanga amene ndinamupatsa mphete akuti chala chake chikubiriwira. Anzanga enanso amandiseka kuti imeneyi ndi ntchito ya amayi. Kodi ndipitirize? Mnyamata wa ku Kawale.

YANKHO: Pitirizani achimwene, ndipo za kusekedwazo ndiyambe nazo chifukwa n'zosavuta kuyankha. M'chaka cha 1960, pamalo otchedwa Ingombe Ilede m'chigwa cha Zambezi ku Zambia, anafukula manda akale mmene munapezeka mikanda ya golide, zibangili za mkuwa, ndiponso zipangizo zokokera waya, zimene zikusonyeza kuti luso limene mwayambali lakhala m'dera lathu lino kwa zaka mazanamazana. Kusula ndi kukonza zitsulo kunali ntchito ya amuna pakati pa makolo athu, ndipo ngakhale lero, mukapita pafupi ndi positi ofesi ku Old Town kumene amagulitsa ziboliboli, mudzapeza kuti ambiri mwa amene akutunga mikanda ndi kupinda waya ndi abambo amene amadyetsa mabanja awo ndi ntchito imeneyi.

Tsono za wayayo. Mkuwa uli ndi khalidwe lakuti ukamapindidwa kapena kumenyedwa ndi nyundo umanka nuuma, ndipo ukauma mopitirira umathyoka. Mankhwala ake ndi moto. Kulungani waya wanu ngati nkhata yaing'ono, mumuike pa makala a moto pambaula, ndipo mumuyang'anire mpaka atayamba kufiira pang'ono, kufiira kwakuda kumene kumaoneka bwino madzulo kapena pamthunzi. Mukatero mumuchotse ndi pulayazi n'kumuviika m'madzi. Chitsulo wamba chikhoza kuuma chikazizira mwadzidzidzi, koma mkuwa sutero, ndipo mudzadabwa kuona waya uja akupindika ndi zala zokha. Musamusiye nthawi yaitali pamoto wamphamvu, chifukwa mkuwa umasungunuka pa madigiri 1,085 ndipo waya wopyapyala satenga nthawi kuwonongeka. Kuda kumene moto umasiya kumachoka mukaviika wayayo m'madzi a mandimu kapena viniga othira mchere, kenako n'kumutsuka ndi madzi abwino. Khalidwe lomweli mungalisandutse bwenzi lanu: mukamaliza kupinda chibangili, chiikeni pachitsulo chosalala, muchimenye pang'onopang'ono ndi nyundo, ndipo chidzauma n'kusunga maonekedwe ake osapindikanso m'manja mwa mwini wake. Koma musaotche waya wa m'mamota, amene ali ndi vanishi kunja, kapena waya wamitundumitundu wopakidwa, ndiponso musachotse pulasitiki ya waya wa magetsi poiotcha, chifukwa utsi wake ndi woipa m'chifuwa. Muisende ndi mpeni.

Kukula kwa waya kumasiyana ndi ntchito. Wa milimita imodzi kapena kupitirira ndi wa mphete ndi zibangili, wa 0.8 ndi wa timphete tolumikizira, ndipo wa 0.4 kapena 0.5 ndi wokulungira mikanda pa waya wamkulu. Waya wa magetsi a m'nyumba wolembedwa 1.5 ali ndi mtima wokhuthala pafupifupi mamilimita 1.4, ndipo amapanga mphete yolimba bwino. Poumba mphete muzikulunga pa chinthu chozungulira cholingana ndi chala, ngakhale mpini wa mthiko, ndipo nsonga iliyonse muisalaze ndi tupa mpaka isakande mukaikhudzitsa pa tsaya lanu.

Kubiriwira kwa chala si matenda. Mkuwa ukakumana ndi thukuta umasiya mtundu umenewo pakhungu, makamaka m'miyezi yotentha ya October ndi November, ndipo umachoka ndi sopo. Mukhoza kupaka m'kati mwa mphete vanishi yoyera ya zikhadabo, koma imatha pakapita masabata, choncho muzimuuza munthu chilungamo kuti imeneyi ndi mphete ya mkuwa ndipo azivula posamba ndi pochapa. Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse ndi ichi: musagule waya wa mkuwa kwa munthu amene simukudziwa kumene wamutenga. Kuba nthambo ndi zipangizo za ESCOM kwasiya madera ambiri a mzinda uno mumdima, ndipo wogula katundu wakuba amayankha mlandu pamodzi ndi wakubayo. Gulani m'sitolo ya zipangizo zomangira, kapena mupemphe zidutswa zotsala kwa katswiri wa magetsi amene mumamudziwa.

FUNSO: Azakhali, ndimapanga ndolo za nsalu ya chitenje ndi mikanda, ndipo anthu amazikonda. Koma mwana wanga wamkazi wa zaka 15 akavala, makutu amayabwa, amafiira, nthawi zina amatuluka timadzi. Enafe sizitichitira zimenezi. Kodi vuto ndi nsalu? Mayi wa ku Biwi.

YANKHO: Kawirikawiri vuto silikhala nsalu mayi, koma kachitsulo kolowa m'khutu. Tizitsulo tambiri totsika mtengo timakhala ndi chitsulo chotchedwa nickel, chimene matupi a anthu ambiri, makamaka amene anabooledwa makutu, amadana nacho, ndipo thupi likayamba kudana nacho silisinthanso moyo wonse. Kunyezimira kwa golide kapena siliva kumene mumaona kunja kumakhala kopaka chabe, ndipo kukafufuma, chitsulo cham'kati chimakhudza khungu. Mwanayo asiye kuvala ndolo zonse mpaka makutu atapola, ndipo ngati khutu latupa, likutentha kapena likutuluka mafinya, mupite naye kuchipatala osadikira.

Akachira, muyese tizitsulo ta siliva weniweni, amene amadindidwa nambala 925, kutanthauza kuti magawo 92.5 pa 100 alionse ndi siliva ndipo otsalawo nthawi zambiri amakhala mkuwa. Ta chitsulo chotchedwa titanium ndi tabwino koposa ngati mungatipeze. Timene amatitcha surgical steel timawayanja anthu ambiri, koma nato tili ndi nickel m'kati, choncho mwana wanu akhoza kudana nato ndithu. Vanishi ya zikhadabo imene ndalangiza mnyamata wa ku Kawale ija musaidalire pa chinthu cholowa m'bowo la khutu, ndipo musapinde nokha kolowa m'khutu kuchokera ku waya wa magetsi kapena pini. Ine ndimaona kuti ndi bwino kuchepetsa ndalama pa mikanda n'kuonjezera pa kachitsulo kameneka, chifukwa ndi kokhako kamene kamalowa m'thupi la munthu. Popeza mumapatsanso ena, muziwafunsa ngati makutu awo amavuta musanawapatse.

FUNSO: Azakhali, ndine mphunzitsi wopuma pantchito ndipo ndikufuna kumapanga mikanda ya njere zakutchire pamodzi ndi adzukulu anga, popeza ya m'sitolo yakwera mtengo. Kumudzi kwathu kuli chomera choyanga chobala njere zofiira kwambiri zokhala ndi kadontho kakuda, ndipo ndatola zodzaza chitini. Ndiziboola bwanji? Njere zina zimene ndinatunga chaka chatha zinafumbwa. Bambo wa ku Likuni.

YANKHO: Aphunzitsi, ndayamika kuti mwafunsa musanayambe, pakuti safunsa anadya phula. Njere zimene mwafotokozazo, zofiira zonyezimira, zazing'ono ngati nandolo, zokhala ndi kadontho kakuda mbali imodzi, zikufanana ndi za chomera chimene akatswiri amachitcha Abrus precatorius, ndipo m'kati mwake muli poizoni woopsa kwambiri wotchedwa abrin, amene alibe mankhwala omuthetsa mphamvu. Chikopa cha njereyo ndi cholimba ndipo chimatsekera poizoniyo m'kati, koma mukaiboola mwatsegula khomo, ndipo mwana akaitafuna, ngakhale imodzi yokha, moyo wake uli pangozi. Kukongola kwake n'chikomekome cha mkuyu. Chonde chitinicho chichoke pamene adzukulu angafike, ndipo njerezo muzitaye m'chimbudzi chokumba. Nsatsi nazo, ngakhale zili ndi mawangamawanga okongola, zili ndi poizoni wotchedwa ricin, ndipo siziyenera kulowa mu mkanda.

Njere zabwino zilipo zambiri. Za malambe zimatsala mukadya ufa wake, ndipo mukazitsuka bwino zimakhala zakuda zooneka ngati impso. Za bwemba ndi zofiirira zonyezimira mwachibadwa. Za msambamfumu, zakuda zokhala ndi kachipewa kofiira, zimakongola kwambiri zikakhala pakati pa mkanda. Palinso udzu wina womera m'malo a chinyontho, umene pa Chingerezi amati Job's tears, wobala njere zotuwa zolimba ngati galasi, ndipo ubwino wake ndi wakuti zimabadwa ndi kabowo pakati, moti ngakhale mwana akhoza kuzitunga popanda kuboola.

Kufumbwa kumene munakumana nako kumachitika chifukwa tizilombo timakhala titaikira kale mazira m'njeremo musanazitole, monga zimakhalira ndi anankafumbwe m'chimanga. Wiritsani njere zanu kwa mphindi zingapo, chifukwa kutero kumapha mazirawo ndiponso kumafewetsa njere, ndipo muziboole zikadali zofewa ndi sipoko ya njinga yosongola, mutazigoneka pathabwa, osati m'manja. Ntchito yoboolayi ikhale yanu, adzukulu azingotunga. Mukaboola muzipise pa waya kuti bowo lisatsekeke, muziyanike padzuwa masiku angapo mpaka zitaumitsitsa, kenako muzipake vanishi. Ntchito imeneyi imayenda bwino m'chilimwe, chifukwa njere zoyanikidwa nthawi ya dzinja zimachita nkhungu m'kati.

Popeza muli ndi ana, ndikupangirani luso lina limene amayi a ku Uganda anatchuka nalo, la mikanda ya mapepala. Tengani kalendala yakale kapena magazini ya mapepala onyezimira, mudule timizere tosongoka mbali imodzi, totalika masentimita 25 mpaka 30, totambalala masentimita awiri kumene kuli kwakukulu. Kulungani pa kamtengo kopyapyala kuyambira kwakukuluko, molimba, ndipo mumate nsonga ndi guluu wa matabwa. Mukapaka vanishi kawiri kapena katatu, munthu sangakhulupirire kuti ndi pepala. Ana osakwana zaka zitatu asakhale pafupi ndi mikanda ya mtundu uliwonse, chifukwa amaika m'kamwa ndi m'mphuno. Ndipo wina akadzabwera ndi kachidutswa koyera n'kunena kuti ndi mnyanga wa njovu kapena dzino la mvuu, musakalandire ngakhale kwaulere, pakuti lamulo loteteza nyama zakutchire limene linakhwimitsidwa mu 2017 limalola khoti kupereka chilango chofika zaka 30 m'ndende. Fupa ndi nyanga ya ng'ombe zimapereka kuyera ndi kusalala komweko popanda mlandu.

FUNSO: Azakhali, munthu wina akundigulitsa timiyala tobiriwira ngati madzi, akuti ndi ta ku Mzimba. Ndigule kuti ndiike m'mikanda yanga? Mayi wa ku Area 18.

YANKHO: Ndi zoona mayi kuti ku Mzimba kumapezeka mwala wa aquamarine, monganso phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu limadziwika ndi ruby ndi sapphire, koma galasi la botolo losweka limafanana kwambiri ndi mwala umenewu kwa munthu wosazolowera. Galasi nthawi zambiri limakhala ndi timathovu ta mpweya m'kati ndipo tupa amalikanda, pomwe aquamarine ndi wolimba kuposa tupa. Ngakhale miyalayo itakhala yeniyeni, simungaiboole ndi zipangizo za m'nyumba, ndipo malonda a miyala ya mtengo wapatali yosakonzedwa amafuna chiphaso cha boma. Kwa inu amene mukuchita zimenezi pongosangalala, ndi bwino kugula miyala yosalazidwa ndi kubooledwa kale kwa wogulitsa wodziwika amene ali ndi malo okhazikika.

FUNSO: Azakhali, ndine mtsikana wa ku koleji. Ndimaonera mavidiyo pa YouTube ndi TikTok ophunzitsa kuluka mikanda, kupinda waya, kumanga zingwe ndi kuumba ndolo, ndipo ndimafuna kudziwa zonse. Ndili ndi katoni yodzaza zinthu zimene ndinayamba osamaliza, ndalama za bandulo zikundithera, ndipo zimene ndimapanga sizifanana ndi za m'vidiyo. Ndayamba kuganiza kuti mwina ndilibe luso. Kodi kuno ku Lilongwe ndingaphunzire kuti? Mtsikana wa ku Chinsapo.

YANKHO: Mwana wanga, kalata yako yandikhudza kuposa onse, chifukwa katoni yoteroyo inenso ndinali nayo, ndipo ndinatsala pang'ono kuitaya pamodzi ndi chikondi changa pa ntchitoyi. Luso uli nalo, koma sunalipatse mpata woti likhazikike m'zala. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Vidiyo ya mphindi imodzi imakuonetsa manja a munthu amene wabwereza chinthu chimenecho kwa zaka, ndipo zonse zimene analakwitsa n'kumasula anazidula. Chimene vidiyo singakupatse ndi kakokedwe ka ulusi, kudziwa kuti apa ndakunga kwambiri, apa ndalekerera, ndipo chimenecho chimabwera pokhapokha dzanja likachita chinthu chimodzi mobwerezabwereza.

Usankhe luso limodzi ndipo ukhale nalo miyezi itatu osayang'ana kwina. Ndikadakhala iwe, ndikadayamba ndi kuluka mikanda pa kathabwa, chifukwa zipangizo zake n'zosavuta ndipo zolakwika zimaonekera msanga. Upeze thabwa lotalika masentimita 30, ukhome timisomali tating'ono moyandikana kumapeto onse awiri, ndipo ukunge ulusi kuchokera mbali ina kufika ina. Mizere ya ulusi izichuluka ndi umodzi kuposa mikanda ya m'lifupi, kotero kuti ngati chibangili chako ndi cha mikanda isanu ndi iwiri, mizere ikhale isanu ndi itatu. Utunge mikanda ya mzere umodzi pa singano, uidutsitse pansi pa ulusi wokungidwawo, uikankhire m'mwamba ndi chala kuti uliwonse ukhale m'mpata wake, kenako ubweze singano m'mikanda yomweyo kudzera pamwamba. Maluwa ake uyambe wawajambula m'kope la masamu la timabokosi, kabokosi kalikonse kakuimira mkanda umodzi. Upange chibangili chimodzimodzi kakhumi, mitundu yomweyo, osasintha, ndipo choyamba usachitaye. M'kope lomwelo uzilemba ulusi umene wagwiritsa ntchito, nambala ya mikanda, ndi pamene pakuvuta. Vidiyo usankhe imodzi yokha yaitali, uisunge m'foni pamene wapeza intaneti yotsika mtengo, ndipo uziionera mochedwetsa liwiro. Uzigwira ntchito masana pakhonde, pamene pali kuwala kokwanira, ndi kupumitsa maso kawirikawiri poyang'ana kutali.

Za kumene ungaphunzire, aphunzitsi ali pafupi kuposa mmene ukuganizira. Mikanda si yachilendo m'dziko muno. Pa Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, pamene panali likulu la ufumu wa Maravi, katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi anapeza mikanda ya galasi yambirimbiri yochokera kutsidya kwa nyanja yamchere pamodzi ndi zinthu za mkuwa, ndipo chiyambire nthawi imeneyo amayi a dziko lino sanasiye kutunga. Ku Chinsapo komweko kuli agogo amene amatunga mikanda ya m'chiuno ndi ya m'khosi, ndipo amadziwa mfundo zimene sizimasuka ngakhale munthu asambe nazo chaka chonse. Ufunse kwa amayi a Chigwirizano kapena a gulu lililonse la amayi kumene umapemphera, ndipo adzakulozera. Upite mwaulemu, utatenga shuga kapena sopo, ukhale pamphasa, uyambe ndi kuwathandiza kusankha mikanda, ndipo ukaphunzira usadzaiwale kunena amene anakuphunzitsa. Tanthauzo la mitundu ya mikanda ya m'chiuno ndi nkhani ya anamkungwi, ndipo ndikuisiya m'manja mwawo. Ukadzapeza mpata wa ulendo, upite ku Mua ukaone malo a zachikhalidwe a Kungoni, amene anayambitsidwa mu 1976 ndi bambo Claude Boucher, kumene nyumba yosungira zakale ya Chamare imafotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Mwambo wa Umhlangano wa Angoni a kwa Maseko ku Ntcheu nawo ndi malo abwino oonera mmene mikanda imavalidwira pamutu, pakhosi ndi pachifuwa, ndipo ukafuna kujambula munthu uyambe wapempha.

Katoni ija usaitaye. Umasule zonse zimene zili m'menemo, usankhe mikanda monga mwa mtundu ndi kukula kwake m'timabotolo, ndipo udzapeza kuti zipangizo za miyezi itatu uli nazo kale. Ukamaliza chibangili chachikhumi, unditumizire chithunzi chake chitagona pambali pa choyamba chija, ndipo undiuze ulusi umene unagwiritsa ntchito, kuti tidzakambirane za luso lachiwiri.